Ndalama za pafoni: wosauka wapindulapo chiyani?

Mukafika pa msika uliwonse m'dziko muno, kaya ndi ku Jenda, pa Lizulu kapena ku Nchalo, tinyumba tofiira ndi tobiriwira ta anthu otumiza ndi kutapitsa ndalama tayamba kupikisana ndi magolosale. Akuluakulu a zachuma amanyadira tinyumbati. Amati tafikitsa ntchito za banki kwa anthu amene mabanki adawakana kalekale. Zoona zilimo m'mawu amenewa, koma si zonse. Nawa mafunso amene anthu amafunsa kawirikawiri, ndi ena amene amayenera kumafunsa.

Kodi ndalama zimenezi zimakhaladi m'kati mwa foni?

Ayi. M'foni mumangobwera uthenga. Mukapereka K10,000 kwa ejenti, iye amachotsa K10,000 pa akaunti yake n'kuilemba pa nambala yanu, ndipo kaundula wa zonsezi amakhala m'makompyuta a kampani. N'chifukwa chake foni ikagwera m'chitsime kapena ikabedwa, ndalama sizipita nayo. Mukakatenga simu khadi ina pa nambala yomweyo, mumazipeza zili chikhalire, bola wakubayo asadziwe nambala yanu yachinsinsi.

Nanga ndalama zenizenizo zimakhala kuti? Lamulo limakakamiza kampani kusunga ku mabanki, mu akaunti yapadera, ndalama zofanana ndendende ndi zonse zimene zili pa manambala a anthu. Kampani siiloledwa kulipirira antchito ake kapena kumangira nsanja za netiweki ndi ndalama zimenezo, chifukwa si zake. Woyang'anira zonsezi ndi Reserve Bank of Malawi, potsatira lamulo la njira zolipirira la mu 2016 ndi malamulo ena a ndalama za pamakina amene adatuluka mu 2019. Akaunti yapaderayo imapanga chiwongoladzanja, ndipo gawo lalikulu la chiwongoladzanjacho limayenera kugawidwa kwa eni ndalama. Timakwacha timene nthawi zina timangolowa pafoni panu popanda wotumiza timachokera kumeneko.

Adayambitsa ndani?

Mbiri yodziwika kwambiri ndi ya M-Pesa ya ku Kenya, imene kampani ya Safaricom idakhazikitsa mu Marichi 2007. Oyiyambitsawo ankafuna china. Poyesa koyamba mu 2005, m'tauni ya Thika, cholinga chidali chakuti anthu otenga ngongole zing'onozing'ono ku bungwe la Faulu azibweza kudzera pafoni. Anthuwo adayamba kutumizirana okhaokha, ena kulipirana pa malonda, ena kuikamo ndalama asadakwere basi kuti akazitape akafika. Akampani ataona zimenezi adasiya za ngongole n'kuika mtima pa kutumiza ndalama kumudzi.

Ku Zimbabwe EcoCash idayamba mu 2011. Kuno Airtel Money idabwera mu 2012, ndipo TNM Mpamba idatsatira mu 2013. Lero ngakhale mwana wa sukulu amadziwa kuti *211# ndi *444# ndi zachiyani. Mabanki nawo adalowa m'bwalo ndi njira zawo, monga Mo626 ya National Bank, ndipo tsopano ndalama zimatha kuchoka ku banki kupita pafoni, kapena kuchoka pa netiweki ina kupita pa inzake.

Mabanki adalipo kale. Chidavuta n'chiyani kuti anthu asamasunge kumeneko?

Choyamba ndi mtunda. Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti Amalawi tidalipo 17.5 miliyoni, ndipo 84 mwa anthu 100 alionse ankakhala kumudzi. Nthambi za banki zili m'mizinda ndi pa maboma. Munthu wa ku Makanjira kapena ku Nthalire kuti akasungitse K5,000, thiransipoti yokha imadya yonseyo asadafike pa khomo la banki. Akafika amapeza mzere, mafomu a Chingerezi, ndi mlonda womuyang'ana kumapazi. Pamwezi banki imadulanso yake yosungira akaunti, kaya mwaikamo kanthu kaya ayi.

Sikuti anthu sadayese. Opportunity Bank inkayenda ndi magalimoto a banki m'misika ya kumidzi. Malawi Savings Bank (MSB), imene idachokera ku banki ya positi ofesi, idali ndi nthambi m'malo ambiri amene mabanki ena sankafikako. Onse awiriwa adagulidwa: MSB ndi FDH mu 2015, Opportunity ndi First Merchant Bank mu 2017.

Pali kafukufuku wina wa ku Balaka amene aliyense wokamba nkhaniyi ayenera kumudziwa. Akatswiri a zachuma, mwa iwo Pascaline Dupas ndi Jonathan Robinson, adalipirira anthu zonse zofunika potsegula akaunti ku banki, kuti aone ngati vuto lidali mtengo wotsegulira. Anthu 69 mwa 100 alionse adatsegula. Koma amene adakasungitsako ndalama kasanu kapena kuposa pa zaka ziwiri adali 10 okha mwa 100. Ambiri adanena chifukwa chosavuta kumva: analibe choti n'kusunga. Mfundo imeneyi muisunge, tiifunanso kutsogoloku.

Nanga ziwerengero zikuti zinthu zasintha motani?

Kafukufuku wa FinScope wa mu 2008 adapeza kuti akuluakulu 19 okha mwa 100 ndiwo adali ndi akaunti ku banki, ndipo 55 sankagwiritsa ntchito njira iliyonse yosungira, kutumizira kapena kubwerekera ndalama. Wa mu 2023 adapeza kuti otsala kunja kotheratu atsika kufika pa 12. Chakweza chiwerengero ndi foni: ogwiritsa ntchito ndalama za pafoni adali 3 mwa 100 mu 2014, koma pofika 2023 adali pafupifupi 7 mwa anthu 10. Pa nthawi yomweyo a ku banki adachepa m'malo mochuluka.

Manambala amenewa ndi okoma m'khutu pa msonkhano wa ku hotela ya kunyanja. Koma tiyeni tiwafunse bwino. Gogo amene mdzukulu wake wa ku Lilongwe amamutumizira K15,000 kamodzi pa miyezi itatu, iye n'kupita tsiku lomwelo kukatapa yonse, kafukufuku amamuwerenga kuti wafikiridwa ndi ntchito za chuma. Alibe posunga popindulitsa, alibe inshulansi ya mbewu, sangabwereke ya feteleza. Ali ndi nambala basi. Kumuika m'gulu limodzi ndi mwini sitolo wa ku Limbe amene amalipira maoda onse pafoni n'kudzinamiza.

Ndiye kuti palibe phindu?

Lilipo, ndipo ndi lalikulu. Amene adatumizapo ndalama kumudzi zaka za m'ma 1990 akukumbukira. Unkapita ku depoti kukasaka munthu wa kwanu, kapena kupatsira kondakitala envulopu, kenaka n'kumadikira sabata yathunthu kuti umve ngati yafika, ndipo ngati yafika yonse. Ya ku positi ofesi inkafika, koma wolandira ankayenera kuyenda ulendo kukaitenga. Lero mayi akadwala usiku ku Mitundu, mwana wake ali ku Mzuzu amatumiza ya kabaza ndi ya mankhwala tambala asadalire.

Pa ngozi ndi pamene njirayi imaonetsa mphamvu zake. Ku Kenya, William Jack ndi Tavneet Suri adatsatira mabanja kwa zaka zingapo. Adapeza kuti tsoka likagwa, monga matenda, kuchotsedwa ntchito kapena kulephera kwa mbewu, mabanja osagwiritsa ntchito M-Pesa ankachepetsa zogula zawo ndi pafupifupi 7 pa 100, pamene ogwiritsa ntchito sankatsika n'komwe. Chifukwa chake sichidali kulemera. Thandizo linkangowafika msanga, kuchokera kwa abale ambiri, ngakhale akutali. Ife kuno chibale chothandizana pa maliro ndi pa matenda tidali nacho kale. Foni yangochifupikitsira njira.

Onjezanipo zina za tsiku ndi tsiku. Mayunitsi a ESCOM amagulidwa pakati pa usiku munthu ali pabedi. Abale a ku Joni amatumiza kudzera ku Mukuru ndi makampani ena otere, ndalama n'kugwera pafoni ya kumudzi. Makampani a sola amapereka nyali ndi potchajira foni pa ngongole, munthu n'kumalipira pang'onopang'ono pafoni, zimene sizikadatheka kukadakhala kuti wokhometsa ayende khomo ndi khomo. Mayi wa geni pa msika wa Mchesi akaweruka amaika ndalama zake pafoni, n'kukwera minibasi mtima uli m'malo.

Thandizo la boma ndi la mabungwe nalo layamba kudzera momwemo. Mtukula Pakhomo, amene adayambira ku Mchinji mu 2006, kwa zaka zambiri ankaperekedwa pamanja: galimoto, apolisi, tebulo pansi pa mtengo, nkhalamba zitakhala padzuwa kuyambira m'mawa. Pang'onopang'ono maboma akusamukira ku njira za makina. Nthawi ya Covid-19, K35,000 ya pamwezi imene mabanja osauka a m'mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba adalandira idadzera pafoni. Ku Niger, pa chilala cha mu 2010, kafukufuku wa Jenny Aker ndi anzake adaonetsa kuti mabanja amene amayi ake adalandira thandizo pafoni ankadya zakudya zosiyanasiyana kuposa amene adalandira pamanja, mwa zina chifukwa amayiwo sankataya nthawi pa ulendo ndi pa mzere, komanso ankakhala ndi mawu pa kagwiritsidwe ntchito ka ndalamazo.

Tidamva kuti ku Kenya foni idatulutsa anthu mu umphawi. N'zoona?

Zimenezo zidachokera kwa Suri ndi Jack omwewo. Mu 2016 adalemba mu magazini ya Science kuti M-Pesa idatulutsa mabanja 194,000 mu umphawi wadzaoneni, omwe ndi mabanja 2 mwa 100 alionse a m'dzikolo, ndipo kuti amayi pafupifupi 185,000 adachoka ku ulimi n'kuyamba malonda. Mu 2019 akatswiri ena, Milford Bateman, Maren Duvendack ndi Nicholas Loubere, adatsutsa. Adafunsa kuti: mwawerenga mabizinesi amene adatsegulidwa, nanga amene adagwa? Mayi wachisanu akayamba kugulitsa tomato pamalo pamene padali amayi anayi, chuma chakula kapena angogawana makasitomala omwewo?

Ine ndimaona kuti mbali zonse zili ndi mfundo, koma ngakhale titavomereza chiwerengero cha 2 pa 100, n'chochepa poyerekeza ndi phokoso lake. Foni imayendetsa ndalama imene ilipo kale. Siibala ina. Mlimi amene wagulitsa soya pa mtengo wolira kwa mavenda, kaya alandire pamanja kaya pafoni, walirabe.

N'chifukwa chiyani aliyense amati "muikeko ndi yotapira"?

Chifukwa apa ndi pamene pamapweteka. Kuika ndalama pafoni n'kwaulere. Kutumiza kuli ndi mtengo wake, kutapa kulinso ndi wake, ndipo wotapa ndiwo waukulu. Mitengoyi imaikidwa m'magulumagulu, ndipo mukaiwerengera pa kwacha iliyonse mupeza kuti wotapa zochepa amalipira gawo lalikulu kuposa wotapa zambiri. Tiyerekeze kuti wina wadulidwa K100 potapa K2,000, mnzake wadulidwa K3,000 potapa K200,000. Woyambayo walipira 5 pa 100, wachiwiriyo 1.5 pa 100. Woyambayo ndi waganyu. Ndipo waganyu satapa kamodzi pamwezi ayi, amatapa lero ya ufa, mawa ya ndiwo, mkuja ya sopo, ulendo uliwonse akudulidwa.

Mungafunse kuti bwanji osangolipira pafoni pomwepo, osatapa? Kumeneko ndiye kumene tikuyenera kupita, koma sitidafike. Wogulitsa usipa akalandira pafoni, wa ku nyanja amene amamuoda akufuna ndalama zogwirika, ndiye naye akatapa n'kudulidwa. N'chifukwa chake ngakhale m'masitolo ena amakuuzani kuti muwonjezere yotapira pamwamba pa mtengo wa katundu. Ndalama imodzi yomweyo imalowa pafoni ku Area 25, kutuluka ku Dedza, kulowanso, kutulukanso, ndipo pa khomo lililonse ikusiya kachidutswa. Ku Kenya vutoli lidachepa chifukwa njira yolipirira pa malonda ya Lipa na M-Pesa idafala mpaka kwa ogulitsa masamba, moti munthu amatha tsiku lonse osagwira ndalama ya pepala.

Palinso nkhani ya chikhulupiriro. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Munthu amene adaonapo netiweki itasowa tsiku lonse mwana ali m'chipatala sungamuuze kuti asiye ndalama pafoni. Ndipo kwacha imene idagwa ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, siisungika. Wanzeru amagula thumba la chimanga kapena mbuzi.

Ejenti akamati "floti yatha" amatanthauza chiyani? Si kukana chabe?

Kawirikawiri sakunama. Ejenti amagwira ntchito ndi mpamba wake, ndipo mpambawo umakhala pawiri: ina pafoni, imene amaitcha floti, ina m'kabati. Mukabwera kudzaika, floti yake imatsika, za m'kabati zimakwera. Mukabwera kudzatapa, za m'kabati zimatsika, floti imakwera. M'tauni oika ndi otapa amasinthanasinthana, ndiye zinthu zimadziyendera. Kumudzi pafupifupi aliyense amabwera kudzatapa, poti ndalama zimachokera m'tauni kupita kumudzi. Ikamakwana 10 koloko m'mawa kabati yauma, foni yadzaza. Kuti apezenso ndalama zogwirika ayenera kutseka kanyumba, kukwera njinga yamoto kupita pa boma, n'kubwerera ndi chikwama cha ndalama m'njira imene achifwamba amaidziwa bwino.

Tsiku lolandira Mtukula Pakhomo kapena thandizo la bungwe, mudzi wonse umafika nthawi imodzi pa kanyumba ka mpamba wa K300,000. Apa m'pamene zachinyengo zimayambira. Ena amauza anthu kuti atape pang'onopang'ono kuti komishoni ichuluke, ena amawonjezera yawo yapadera imene siili pa chikwangwani cha mitengo, ena amati ndikupatsa theka, theka linalo utenge shuga ndi mafuta m'golosale mwangamu. Nkhalamba yosadziwa kuwerenga imangovomera.

Sindikufuna kuwanyoza maejenti. Ambiri ndi achinyamata amene adamaliza sukulu n'kusowa ntchito, ndipo komishoni imene amapeza ndi yochepa poyerekeza ndi chiopsezo chimene amasenza. Ntchito yonse imene timaitamayi yatsamira pa iwowa. Nthambi ya banki ya munthu wa kumudzi ndi mnyamata kapena mtsikana wa pansi pa ambulera uja, ndipo iyeyo akakhala wopanda mpamba, zonse zija za makompyuta zilibe ntchito.

Ndani amene watsalabe kunja?

Wopanda foni, choyamba. Pa kalembera wa 2018 mabanja pafupifupi theka analibe foni ya m'manja. Zasinthako, koma m'mabanja ambiri a kumudzi foni ndi imodzi, ndipo imayenda m'thumba la bambo. Mayi amakhala ndi simu khadi yokha, yomanga pa nsonga ya chitenje, n'kumabwereka foni kwa mnansi kapena kwa ejenti. Akatero chinsinsi chatha, aliyense wadziwa kuti walandira zingati.

Magetsi ndi vuto lina. Pa kalembera yemweyo nyumba zolumikizidwa ku magetsi a ESCOM zidali pafupifupi imodzi mwa khumi, ndiye kutchaja foni nako n'kolipira. Kenaka kuwerenga. Mauthenga ambiri otsimikiza kuti ndalama zalowa kapena zatuluka amabwera m'Chingerezi, kwa munthu amene chilankhulo chake ndi Chiyawo, Chisena kapena Chitumbuka, ndipo sukulu adalekezera sitandade 3. Wotere amapereka foni ndi nambala yachinsinsi kwa ejenti n'kunena kuti "ingondipangirani".

Chitupa cha unzika chidathandiza kwambiri. Kalembera wa NRB wa mu 2017 adalemba anthu oposa 9 miliyoni, ndipo munthu wamba adakhala ndi chomuzindikiritsa popanda pasipoti kapena laisensi. Mu 2018 MACRA idalamula kuti simu khadi iliyonse ilembetsedwe. Koma amene chitupa chake chidatayika kapena kupita ndi madzi, monga zidachitikira ambiri pa namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, amalembetsa nambala m'dzina la m'bale. Tsiku limene nambalayo idzatsekeke, mwini ndalama alibe ponenera.

Nanga ngongole za pafoni? Si zabwino kuposa katapila?

N'zaulemu kuposa katapila, poti palibe amene amabwera kudzanyamula ndowa ndi mbale. Koma zotchipa ayi. Tidayamba kuzolowera ndi mayunitsi a ngongole, Kutapa ndi Pasavute, kenaka zidafika pa ndalama zenizeni. Pamene Valentina Brailovskaya, Dupas ndi Robinson ankafufuza ngongole ya Kutchova kuno ku Malawi, wobwereka koyamba ankapatsidwa K1,000, chiwongoladzanja 10 pa 100, kubweza pa masiku 15. K100 imaoneka yochepa. Koma masiku 15 amalowa ka 24 m'chaka, ndiye wobwereka mobwerezabwereza akulipira pafupifupi 240 pa 100 pachaka, tisadawerengere chilango chochedwa. Ofufuzawo adapeza kuti obwereka ambiri sankadziwa tsiku lobweza kapena kukula kwa chilangocho, ndipo ochuluka adachedwadi n'kulipira.

Ku Kenya adadutsamo kale. M-Shwari idayamba mu 2012 ndi chiwongoladzanja cha 7.5 pa 100 pa masiku 30, Fuliza idabwera mu 2019, ndipo timakampani tambirimbiri ta ngongole za pafoni tidabuka. Anthu ochuluka adalembedwa m'kaundula wa osabweza ngongole chifukwa cha tindalama tochepa, mpaka mu 2020 banki yaikulu ya dzikolo idaletsa kulemba munthu m'kaundulamo pa ngongole yosakwana 1,000 shillings.

Ngongole ya masiku 15 ingathandize wa mandasi amene wasowa ya ufa m'mawa, poti madzulo yabwerera. Mlimi amene akufuna feteleza mu Novembala kuti adzabweze mu Meyi siimuthandiza. Ndipo tisabise: foni yomweyo imene imabwereketsa ndi imene imalandira kubetcha. Mnyamata amabwereka, n'kuika pa kandege kapena pa mpira wa ku England, osadzuka n'komwe pa mpando. Kale wa juga ankachita manyazi kuonedwa akulowa m'nyumba ya juga. Lero palibe womuona.

Kodi banki mkhonde itha chifukwa cha foni?

Sindikuona choncho. Banki mkhonde, imene bungwe la CARE lidayambitsa ku Niger mu 1991 isadafalikire kuno, imapereka zimene foni siingathe. Imakukakamiza kusunga sabata ndi sabata chifukwa anzako akukuyang'ana. Imakubwereketsa chifukwa amakudziwa. Chiwongoladzanja chimene walipira chimabwerera kwa inu nomwe pogawana mu Disembala, sichipita kwa eni masheya akutali. Ndalama ya pafoni imatapika nthawi iliyonse, ndipo kwa munthu wofuna kusunga, kutapika msangako ndiye vuto.

Chimene chikuchitika n'chakuti ziwirizi zikugwirana. Membala amene ali kutali amatumiza masheya ake pafoni, magulu ena amasunga pafoni m'malo mwa bokosi la maloko atatu limene akuba amalidziwa, ndipo chipereganyo cha anzathu a m'maofesi chimayenda pa WhatsApp ndi pa Mpamba. Pamenepa pofunika kusamala ndi pamodzi: bokosi lidali ndi makiyi atatu kwa anthu atatu, pamene nambala yachinsinsi ya msungichuma ili m'mutu mwa munthu mmodzi.

Akuba a pafoni amatipeza bwanji?

Sathyola makompyuta a kampani. Amathyola mutu wa munthu. Uthenga umabwera wooneka ngati wa kampani, wonena kuti mwalandira K45,000. Posakhalitsa wina akuimba, mawu achisoni: "Pepani bwana, ndalakwitsa nambala, inali ya maliro, ndibwezereni." Mukabweza musadaone balansi yanu, mwatumiza zanu. Wina amati ndi mphunzitsi, mwana wanu wakomoka kusukulu. Wina amati katundu wanu wochokera ku Joni wagwidwa pa Mwanza, tumizani ya kasitomu. Wina amati mwawina, kapena mwasankhidwa kulandira thandizo la bungwe, ingotchulani nambala imene yabwera pafoni panuyo. Apolisi akhala akunena kuti ambiri mwa mafoni amenewa amaimbidwa kuchokera m'ndende, makamaka ya Zomba, pogwiritsa ntchito masimu khadi olembetsedwa ndi zitupa za anthu ena.

Chida chawo chachikulu ndi changu. Amafuna mutumize musadaganize. Choncho dulani foni, onani balansi nokha, imbirani mwanayo kapena m'baleyo pa nambala imene mumaidziwa. Wolakwitsadi nambala ali ndi njira yake yodandaulira ku kampani, simukuyenera kumubwezera nokha. Nambala yachinsinsi musauze munthu, ngakhale wonena kuti akuimba kuchokera ku kampani, ndipo isakhale chaka chanu chobadwa, poti chalembedwa pa chitupa chimene mumapereka kwa ejenti. Chitupacho musabwereke munthu kuti akalembetsere simu khadi. Akaba nayo, apolisi adzagogoda kwanu.

Mwini nambala akamwalira, ndalama zimapita kuti?

Sizisowa, ndipo si za kampani. Ndi gawo la chuma cha masiye. Achibale amayenera kupita ku ofesi ya kampani ndi chikalata cha imfa pamodzi ndi makalata osonyeza woyenera kulandira chumacho. Vuto n'lakuti ambiri sadziwa n'komwe kuti malemu adasiya kanthu pafoni. Uzani munthu mmodzi wodalirika kuti nambala yakutiyakuti imasunga ndalama.

Kodi si koyenera kuti boma lizidula msonkho pamenepa, poti ndalama zikuyenda zambiri?

Maboma ambiri adayesa, poti msonkho wake ndi wosavuta kutolera. Uganda idaika 1 pa 100 mu Julayi 2018, anthu adachepetsa kutumiza, ndipo miyezi yochepa chabe boma lidautsitsa kufika pa 0.5 pa 100 pa kutapa kokha. Zimbabwe idaika 2 pa 100 mu Okutobala chaka chomwecho. Ghana idayamba ndi 1.5 pa 100 mu Meyi 2022, kutsitsa kufika pa 1, n'kuuthetseratu mu 2025. Kuno, mu 2019, nduna ya zachuma Joseph Mwanamvekha idabweretsa ganizo la 1 pa 100 mu bajeti, koma anthu ndi mabungwe atadandaula lidachotsedwa.

Ganizo lotere silifa, limabwerera nthawi iliyonse imene thumba la boma lapepuka. Choipa chake n'chakuti kutumiza si kupindula. Mlonda amene watumiza K20,000 kwa mayi ake sadapange phindu lililonse, wangosuntha ndalama yake. Ngati msonkho uyenera kukhalapo, uyambire pa ndalama zikuluzikulu, tating'onoting'ono tisiyidwe.

Ndiye chofunika kusintha n'chiyani kuti wosauka apinduledi?

Kuchulukitsa manambala olembetsedwa kwakwana. Tsopano mafunso akhale ena. Mtengo wotapa ndi wotumiza ndalama zochepa utsike, ngakhale zitatanthauza kuti otumiza mamiliyoni alipireko zambiri. Wogulitsa pamsika alandire malipiro a pafoni popanda kuluza, kuti mawu oti "yotapira" athe okha. Maejenti a kumidzi apeze ngongole ya mpamba ndi malo apafupi osinthira floti, makamaka masiku olandira thandizo. Uthenga uliwonse wa ndalama, ndi mfundo zonse za ngongole, zibwere m'chilankhulo chimene mwini foni wasankha, chiwongoladzanja chitalembedwa m'makwacha munthu asadavomere. Ndipo wobedwa akadandaula, nambala ya wakubayo itsekedwe tsiku lomwelo.

Inu a Reserve Bank, a MACRA ndi a makampani a foni, mukamadzatulutsa lipoti lotsatira, musatiuze chabe kuchuluka kwa anthu amene ali ndi akaunti. Mutiuzenso kuti mayi wotapa K3,000 ku Chitipa akudulidwa zingati, ndipo wayenda mtunda wautali bwanji kuti aipeze.